Mukamakayesa lesitilanti yatsopano ya Indo-Chinese, itanitsani chonchi

Chakudya cha Indo-Chinese chinayambira ku Kolkata, m'dziko la India, kumene Atchaina a mtundu wa Hakka anakhazikika m'dera la Tangra n'kuyamba kuphika zakwawo mogwirizana ndi lilime la Amwenye: adyo wambiri, jinja, tsabola wobiriwira, viniga ndi soy sauce. N'chifukwa chake malesitilanti otere amatsegulidwa m'madera okhala Amwenye ambiri, monga Harrow ndi Southall ku London kapena Fordsburg ku Johannesburg. Musapiteko mukuyembekezera zakudya za ku Beijing.

Khitchini yatsopano imasokonekera ikapanikizika, ndiye pitani pakati pa sabata, cha m'ma 6 koloko madzulo, osati Loweruka usiku. Ndipo ulendo woyamba mudyere pomwepo. Zokazinga mukazitsekera m'kontena ya pulasitiki, nthunzi imazifewetsa musanafike kunyumba, mlandu n'kugwera wophika wosalakwa.

Woperekera zakudya adzakufunsani ngati mukufuna dry kapena gravy, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Dry ndi chakudya chokazinga chongopakidwa msuzi pang'ono, chodya poyamba pachokha. Gravy ndi chomwecho koma chosambira mu msuzi wolimbitsidwa ndi ufa wosalala wa chimanga. Imeneyi ndi ndiwo, imafuna mpunga. Mukaitanitsa gravy yekhayekha, zonse zimangokoma mofanana.

Ngati muli anthu anayi, mbale zisanu zikwana: ziwiri za dry, imodzi ya gravy, fried rice imodzi ndi Hakka noodles imodzi. Pa dry sankhani chilli chicken ndi gobi Manchurian, yomwe ndi kolifulawa woviikidwa mu ufa n'kukazingidwa. Msuzi wa Manchurian ambiri amati anauyambitsa ndi wophika wina dzina lake Nelson Wang ku Mumbai mu 1975. Gobi ndiye muyeso wabwino wa khitchini yonse. Ayenera kukukutika kunja ngakhale wapakidwa msuzi, mkati ali wofewa koma wosaphwanyika. Akabwera wolobodoka, ndiye kuti anakazingidwa kale n'kukhalitsa mu msuzi, kapena mafuta sanatenthe mokwanira. Akamamveka fungo la nsomba kapena akadera kwambiri, mafutawo ndi akale.

Kenako yang'anani ma noodles. Amakazingidwa m'poto wachitsulo wotchedwa wok pa moto waukali kwa mphindi zochepa chabe, motero ayenera kukhala omwazikana, onunkhira kautsi pang'ono, kabichi ndi kaloti zikadali zokukutika. Akamatana, kapena pansi pa mbale pakatsalira madzi, wophika anadzaza wok ndi chakudya cha matebulo angapo nthawi imodzi, moto n'kuchepa mphamvu. Vuto limeneli ndi lofala m'malo atsopano ndipo limatha akazolowera. Mpunga nawonso umaulula: fried rice wabwino amaphikidwa ndi mpunga wozizira, wophikidwa kale, ndiye njere zake sizigwirana.

Supu si yofunikira kwenikweni, koma ngati mukuifuna, tengani Manchow ndipo pemphani kuti ma noodles okazinga a pamwamba abwere padera. American chopsuey, yomwe ndi ma noodles okazinga othiridwa msuzi pamwamba, isiyeni kaye. Ndi yotsekemera ndi tomato sauce, ndipo siyikuuzani chilichonse za luso la wophika.

Patebulo mupeza timabotolo kapena timbale titatu: soy sauce, tsabola wofiira wosinja, ndi tsabola wobiriwira wodulidwa m'viniga. Lawani musanathire. Zakudyazi zimabwera kale ndi mchere wambiri, ndiye soy sauce nthawi zambiri amangoononga. Kasupuni kamodzi ka viniga wa tsabola pa ma noodles ndiye kamadzutsa kakomedwe. Chilichonse cholembedwa Schezwan chimawawa kwambiri ndi tsabola wouma ndi adyo, choncho ulendo woyamba nenani kuti tsabola akhale wapakatikati.

Funsani musanaitanitse ngati nyama yake ndi ya halal, komanso ngati muli dzira, tirigu, soya kapena mtedza, chifukwa zina zimabisala mu ufa wokutira ndi mu msuzi. Ambiri amathiranso ajinomoto, ufa woyera wokometsera chakudya, ndipo m'mbale zophikidwa pomwepo akhoza kumusiya mukapempha. Mukatenga chicken lollipop, yomwe ndi mapiko a nkhuku okazinga, ng'ambani imodzi mpaka pafupa, popeza utoto wofiira wa kunja umabisa nyama yosapsa. Ikakhala ndi magazi, ibwezeni.