Adiresi imodzi, zilankhulo ziwiri: mwasiya kuti Vary?

Mvula ikangoyamba, makalabu ndi mabungwe a alimi amathamangira kuika malangizo pa mawebusayiti awo: nthawi yobzala, kathiridwe ka feteleza, kathanidwe ndi mbozi za ntchemberezandonda. Ambiri tsopano akulemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, ndipo pamenepo palibe chodandaula. Chodandaulitsa dzinja lino n'chakuti munthu amene foni yake yapempha Chichewa akulandira Chingerezi, wofuna Chingerezi akulandira Chichewa, pa adiresi imodzimodziyo, ndipo kukacha zinthu zatembenuka. Mwini webusayiti akayesa pa kompyuta yake, zonse zili bwinobwino. Mlandu umagwera womasulira, kapena netiweki, kapena foni ya mlimi. Mukafukula bwino, kawirikawiri chosowa ndi kamzere kamodzi, kotchedwa header, mu yankho la seva (kompyuta yosunga webusayiti), kakuti Vary: Accept-Language.

Za mmene seva imasankhira tsamba sindichulutsapo gaga, aliyense wogwira ntchitoyi akuyenera kuzidziwa. Browser, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, ikamapempha tsamba imanena zokonda zake: mu Accept mtundu wa fayilo, mu Accept-Encoding kapanikizidwe komwe ingathe kumasula monga gzip ndi br, mu Accept-Language chilankhulo. Ikalemba kuti ny,en;q=0.8 ndiye kuti Chichewa chili patsogolo, poti chopanda q chimawerengedwa 1, ndipo Chingerezi chikutsatira ndi 0.8. Chopatsidwa q=0 ndiye chokanidwa. Pa Apache, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsa seva, mukatsegula MultiViews n'kulemba AddLanguage ny .ny, wopempha malangizo.html amasankhiridwa pakati pa malangizo.html.ny ndi malangizo.html.en. Mpaka apa seva siilakwa. Imasankha bwino ndithu, munthu aliyense chake.

Vuto lili pakati pa seva ndi wowerenga. Pamenepo pali cache, kaya ndi pulogalamu ya Varnish, kaya proxy_cache ya nginx (pulogalamu inanso yoyendetsa seva), kaya CDN (gulu la maseva osunga makope a masamba) yomwe munalembetsa kuti tsamba lizitseguka msanga. Cache ili ngati nkhokwe: thumba likalowa, imalemba dzina pamwamba, ndipo dzinalo ndi adiresi ya tsamba basi. Wina akafunsa dzina lomwelo, imamutulutsira thumba lomwelo, siyang'ana m'kati. Vary ndi mawu amene seva imauza nkhokweyo kuti thumba ili si la aliyense, upereke kwa okhawo amene Accept-Language yawo ikufanana ndi ya uyu amene ndamupatsayu. Lamuloli si lachilendo. Linalipo kale mu HTTP/1.1 ya 1997, malamulo a kalankhulidwe ka browser ndi seva, ndipo zikalata za malamulowo, RFC 9110 ndi RFC 9111 za mu June 2022, zinangolibwereza. Seva ikapanda kunena, cache ilibe mlandu, yachita zomwe inauzidwa.

Ndiye taonani zomwe zimachitika. Mwaika Cache-Control: max-age=86400, kutanthauza tsiku lathunthu. Nthawi yosunga itangotha, amene wayamba kufika ndiye wasankhira mudzi wonse chilankhulo kwa maola 24. Akakhala wogwira ntchito mu ofesi ndi laputopu ya en-US, alimi onse adya Chingerezi tsiku limenelo. Nthawi zina woyambayo sakhala munthu n'komwe. Googlebot, pulogalamu ya Google yowerenga mawebusayiti, imayendera masamba osatumiza Accept-Language, choncho imalandira chilankhulo chomwe munaika ngati chokhazikika, ndipo n'chimenecho chimalowa m'nkhokwe. N'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati la mizimu: lero lilipo, mawa kulibe, ndipo inu mukamayesa mutalowa ndi akaunti yanu ya admin simuliona, poti nthawi zambiri cache imakulambalalani chifukwa cha cookie, kachizindikiro kosonyeza kuti mwalowa ndi akaunti.

Ena anena kuti ife tili pa Apache, Vary imadziika yokha. Zoona, ngati kusankhako akuchita ndi mod_negotiation, gawo la Apache losankhira tsamba. Koma ndi angati akugwiritsa ntchito imeneyo? Ambiri amawerenga HTTP_ACCEPT_LANGUAGE mu PHP (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa seva), kusankha mawu, kutumiza tsamba, osanena kanthu kwa cache. PHP siingalote kuti mwasankha potengera chilankhulo. Pa nginx n'chimodzimodzi: mwalemba map ya $http_accept_language, mwaloza ku foda yoyenera, koma Vary muyenera kuiwonjezera ndi dzanja. Msampha woipitsitsa uli pa mod_rewrite, gawo la Apache lolozera mapempho ku adiresi ina. Mukaika RewriteCond yoyang'ana Accept-Language, Apache imawonjezera Vary pokhapokha chofunikacho chikakwaniritsidwa. Chikapanda kukwaniritsidwa, siiwonjezera. Ndiye tsamba la Chichewa limatuluka ndi Vary, la Chingerezi limatuluka lopanda. Mwayesa ndi ny, mwaona Vary, mwakhutira, mwapita kunyumba. Tsamba lopanda Vary lija ndi lomwe cache igawire aliyense.

Bambo wina, mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza, anafotokoza zake pa msonkhano wina mokwiya ndithu. Mwana wawo anawaikira Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo za browser, ndipo Lolemba anatsegula tsamba la kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku, lonse m'Chichewa chomveka. Anauza anzawo kuti Lachinayi adzawawerengera. Lachinayi lafika, anthu akhala pansi pa mtengo wa mango, bambo aja atsegula linki yomweyo, chatuluka Chingerezi. Anatsitsimutsa tsambalo kangapo, bandulo ikungopita, mpaka mayi wina anati, "Bwanji mungotiuza zomwe mukukumbukira?" Iwo anapita kwawo akukhulupirira kuti eni webusayiti anachotsa Chichewa dala. Sichinachotsedwe. Chinali pa seva pomwepo, kuseri kwa nkhokwe yodzaza Chingerezi.

Mtengo wa vutoli ndi umenewo, ndipo suthera pa bandulo. Munalipira womasulira, ntchito yake siikufika kwa anthu. Mlimi amene wakhumudwa kawiri sabweranso kachitatu. Tsono chopweteka kwambiri ndi mankhwala omwe anthu amathamangira. Wina amangofufuta cache m'mawa uliwonse, zinthu n'kuoneka ngati zakonzeka mpaka mlendo woyamba atafika. Wina amatopa n'kuika no-store pa webusayiti yonse, kuzimitsiratu cache. Zikatero pempho lililonse limakafika ku seva, PHP ndi database zimagwira ntchito yomwe inagwiridwa kale, ndipo tsiku lomwe uthenga wafalikira pa WhatsApp, seva yaing'ono ija imagwada. Walira mvula walira matope: munafuna liwiro la cache, landiraninso udindo wouza cacheyo zoona.

Musaganize kuti ndi nkhani ya chilankhulo chokha. Amene mumasintha chithunzi cha .jpg kukhala WebP kapena AVIF mwakachetechete poona Accept, osaika Vary: Accept, mukutumiza zithunzi zosatseguka kwa anthu a mafoni akale. Safari, browser ya Apple, inayamba kuwerenga WebP mu 2020, ndipo mafoni osalandiranso zatsopano akadali m'manja mwa anthu ambiri. Pa nginx, gzip_vary imabwera ili off. Mukatsegula gzip n'kuiwala imeneyo, cache ina ya panjira ikhoza kupereka tsamba lopanikizidwa kwa pulogalamu yomwe sinapemphe gzip, munthu n'kumaona zilembo zosokonekera ngati nkhuku zapalasa.

Chomwe chimanditopetsa ine ndi chizolowezi chotengera .htaccess yakale, fayilo ya makonzedwe a Apache, ku webusayiti iliyonse yatsopano osaiwerenga, ngati mbewu yobwereza chaka ndi chaka. M'mafayilo amenewa mukupezekabe Header unset Vary, mukupezekabe force-no-vary. Mizere imeneyi inalembedwa chifukwa Internet Explorer yakale inkavutika kusunga mayankho okhala ndi Vary. Microsoft inasiya kuthandiza Internet Explorer 11 pa 15 June 2022, ndipo mavuto enieniwo anali a mitundu yakale kuposa imeneyo. Mukutetezabe ndani? Chizolowezi china ndi kulemba Header set Vary Accept-Encoding chifukwa chida choyezera liwiro chinatero. Mawu akuti set amafufuta zomwe zinalipo n'kuika zanu. Oyenera ndi merge. Mu PHP namonso, header() yachiwiri ya dzina lomwelo imachotsa yoyamba pokhapokha mutaipatsa false, ndiye pulagini imodzi ikaika Vary: Cookie pambuyo panu, Accept-Language yanu yapita. Pa nginx, add_header ya pamwamba imatsikira m'munsi pokhapokha m'munsimo mulibe add_header ina iliyonse. Mwawonjezera kamzere kamodzi ka chitetezo mu gawo la m'munsi la location, Vary yomwe munaika mu gawo la pamwamba la server yasowa osatsanzika.

Pali ena amene akamva izi amalumphira tsidya linalo n'kuika Vary: User-Agent, kapena Vary: * kumene. Nyenyeziyo imauza cache kuti isapereke yankho losungidwa popanda kufunsanso seva, ndiye nkhokwe yasanduka chokongoletsa. User-Agent nayo, header yonena mtundu wa browser ndi foni, ili ndi mitundu yosawerengeka, foni iliyonse ndi browser iliyonse yakeyake, choncho cache imasunga makope ambirimbiri a tsamba limodzi, lililonse n'kugwira ntchito kamodzi kapena kawiri. Ngakhale Accept-Language yeniyeniyo ili ndi vuto lomweli pang'ono: en-US,en;q=0.9 ndi en-GB,en;q=0.9 onse akufuna Chingerezi, koma kwa cache yongofananiza zilembo ndi anthu awiri osiyana.

Ndipo pali choonadi china chomwe Vary siingakonze. Mafoni ambiri a anthu olankhula Chichewa amagulidwa ali pa Chingerezi ndipo amakhala choncho mpaka kutha. Accept-Language yawo ilibe ny. Seva yosankha mwangwiro idzawapatsa Chingerezi mwangwiro. Kuyang'ana IP, nambala ya chipangizo pa intaneti, kuti mudziwe dziko sikuthandizanso: wa ku Mzuzu mwina akufuna Chitumbuka kapena Chingerezi, ndipo Mmalawi wa ku Johannesburg akufuna Chichewa.

Zochita zake n'zachidule. Chilankhulo chilichonse chikhale ndi adiresi yake, /ny/malangizo ndi /en/malangizo, kuti linki yomwe mlembi wa kalabu watumiza anzake izitsegula zomwe iye anaona. Kusankha kuzichitika pa khomo lokha, ndipo potumiza munthu ku adiresi ya chilankhulo chake gwiritsani 302 (kulozera kwakanthawi) yokhala ndi Vary: Accept-Language, osati 301 (kulozera kokhazikika), poti browser imasunga 301 kwa nthawi yaitali. Pamwamba pa tsamba lililonse pakhale linki yooneka yolembedwa Chichewa ndi ina English, ndipo mulumikize masambawo ndi hreflang kuti Google iwapeze onse awiri. Ngati simungasinthe maadiresi dzinja lino, ikani Vary pa mayankho onse a adiresiyo, la Chingerezi lomwe, ndipo chepetsani Accept-Language kukhala ny kapena en isanafike pa cache, mu vcl_recv ya Varnish kapena ndi map ya nginx yolowa mu proxy_cache_key. CDN zina sizilabadira Vary ya chilankhulo, zimafuna muike header imeneyo pa cache key m'makonzedwe awo, monga cache policy ya CloudFront, CDN ya Amazon. A Apache musaiwale LanguagePriority ny en pamodzi ndi ForceLanguagePriority Prefer Fallback, kuti wobwera ndi foni ya Chipwitikizi alandire Chichewa m'malo mwa uthenga wokana wa 406 Not Acceptable.

Mukatha, fufutani cache kamodzi, kenako yesani kudzera pa adiresi yomwe anthu amagwiritsa, osati pa seva mwachindunji. Pa terminal lembani lamulo loonetsa ma header a yankho, curl -sI -H "Accept-Language: en" ndi adiresiyo, kenako yomweyo ndi ny, kenako popanda header n'komwe. Fufutaninso, yambani ndi ny. Pa yankho lililonse yang'anani Vary, Content-Language ndi Age, yomwe imanena masekondi amene yankholo lakhala m'nkhokwe. Mukapempha ny koyamba pambuyo pa en n'kupeza Age yoposa 0 pamodzi ndi Content-Language: en, thumba la mnzanu ndi lomwe mwapatsidwa, bwererani ku location ija mukaone add_header.