Momwe mungachezere ku Chicago kumapeto kwa Meyi osazizidwa komanso osasochera

Kwathu kuno Meyi ndi mwezi wofunafuna majuzi amene tinawaponya pansi pa sutikesi. Ku Chicago, mzinda waukulu koposa m'chigawo chapakati cha America chotchedwa Midwest, ndi mwezi umene anthu amavula majekete olemera atapirira chisanu kuyambira Disembala. Mitengo imakhala itaphukira, mabwato abwerera pamadzi, ndipo dzuwa limalowa 8 koloko itadutsa. Mlendo sangasankhe nthawi yabwino kuposa imeneyi. Koma mzindawu uli ndi mwini wake, ndiye nyanja ya Michigan, ndipo ndiyo imalamula zoti muvale, koti muloze ndi tsiku loti mukwere boti.

1. Yambani ndi mapepala, kenako sankhani masiku

Musagule tikiti ya ndege visa isanatuluke. Visa ya alendo ndi B1/B2, ndipo fomu yake, DS-160, imalembedwa pa intaneti. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna kuti a Malawi ndi a Zambia opempha visa imeneyi apereke ndalama ya chikole, $5,000, $10,000 kapena $15,000, yobwezedwa munthu akatuluka m'dzikolo pa nthawi yake. Malamulowa akusinthasintha, choncho werengani zimene ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena ku Lusaka yalemba sabata imene mukupemphayo, osadalira zimene mlamu wanu anakumana nazo zaka zitatu zapitazo.

Za masiku, kumbukirani Memorial Day, tchuthi cha Lolemba lomaliza la Meyi. Kumapeto kwa sabata, tchuthicho chitatsala pang'ono kufika, magombe a mzinda amatsegulidwa, anthu amachuluka ndipo mahotela amakwera mtengo. Ine ndingasankhe sabata yotsogola tchuthicho isanafike, kapena masiku oyambirira a Juni, mwezi umene kumachitikanso Chicago Blues Festival, chikondwerero cha nyimbo cholowa ulere. Masiku atatu kapena anayi akukwanirani.

2. Longedzani zovala za nyengo ziwiri

Apa ndi pamene alendo ambiri amagwa. Nyanja ya Michigan ndi yaikulu pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi nyanja ya Malawi, ndipo madzi ochuluka chonchi satentha msanga. Pamene mtunda wafunda kale, madziwo amakhala akadasungabe kuzizira kwa Januwale. Mphepo ikangotembenuka n'kuyamba kuchokera kunyanja, mumzinda mumazizira mwadzidzidzi: munthu amene anatuluka m'mawa atavala malaya a manja aafupi amapezeka akunjenjemera 3 koloko masana, pamene anzake okhala makilomita 20 kumadzulo akutuluka thukuta. Olosera zanyengo pa wailesi za kumeneko amatchula manambala awiri, ina ya mzinda wonse, ina ya m'mbali mwa nyanja. Yanu ndi yachiwiriyo, chifukwa zambiri zimene mwabwerera zili kufupi ndi madzi.

Choncho tengani juzi lopepuka, jekete losalowa madzi ndi nsapato zoyendera zimene mwazizolowera kale, ndipo juzilo lizikhala m'chikwama tsiku lililonse ngakhale kuthambo kuli mbee. Ambulera si yodalirika, mphepo ya pakati pa nyumba zazitali imaipinda. Kutentha amayeza mu Fahrenheit: mukamva 70 ndiye madigiri 21 athu, mukamva 50 ndiye 10, ndipo masiku a Meyi amakonda kuyendayenda pakati pa manambala awiriwa. Zosambira mutha kuzisiya. Mchenga ulipo, gombe ndi lokongola, koma madzi a Meyi si a ku Salima ayi, amaluma mafupa.

Musaiwale adaputa. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi a ku America, ndipo magetsi awo ndi a mavoti 120. Foni ndi laputopu zimatchaja bwinobwino, koma simbi ya kwathu isiyeni.

3. Kuchoka pa bwalo la ndege, kwerani sitima

Ndege zochokera kunja zimatera pa O'Hare. Tsatirani zikwangwani za sitima za CTA, bungwe loyendetsa sitima za mumzinda, mpaka mufike pa Blue Line, imene imakafika pakati pa mzinda m'mphindi pafupifupi 45 ndipo imayenda usana ndi usiku. Takisi ingakudyereni ndalama kangapo kuposa apa, n'kukuimitsaninso pa mdipiti wa magalimoto mumsewu wa Kennedy. Mukatera pa Midway, sitima yanu ndi Orange Line. Khadi yolipirira ndi Ventra, imagulidwa pa makina a pa siteshoni, ndipo ngati muzikwera kangapo pa tsiku gulani ya masiku atatu. Sitimazi anthu amangoti "L", ndipo dera la pakati limene njanji yam'mwamba imazungulira ndi Loop.

Abale athu a ku South Bend, ku Indiana, kumene a Malawi alipo ambiri ndithu, ali ndi njira yawo: sitima ya South Shore Line imakutulani pa Millennium Station, pakatikati penipeni. Ingokumbukirani kuti wotchi ya ku Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku South Bend. Pa ulendo wobwerera olalo limakutherani. Ndi kwathu kusiyana kwake ndi maola 7, ndiye mukafuna kuimbira amayi imbani m'mawa, isanafike nthawi yoti agone.

4. Dziwani kumene kuli nyanja

Nyanja ili kum'mawa, basi. Misewu ya Chicago inadulidwa mowongoka ngati mizere ya m'munda, ndipo manambala a nyumba amayambira pa mphambano ya State ndi Madison. Pafupifupi manambala 800 alionse ndi mtunda wa mailo imodzi, kutanthauza makilomita 1.6. Adiresi ikati 1600 North, mwadziwa kale kuti ndi mailo ziwiri kumpoto. Foni ikathima moto simusochera.

5. Tsiku lowala bwino, kwerani boti la mumtsinje

Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kulipira mosadandaula, ndi ichi. Mabwato oonetsa nyumba za mzinda amanyamukira pafupi ndi mlatho wa DuSable pa Michigan Avenue, ndipo ulendo wa Chicago Architecture Center umatenga mphindi 90. Dzina la mlathowo lili ndi nkhani yake: Jean Baptiste Point du Sable, wamalonda wamagazi a ku Africa, ndiye mlendo woyamba kukhazikika pa mathiriro a mtsinjewu cha m'ma 1780, mzinda kulibe.

Muli m'botimo mumvetsa chifukwa chake Chicago ikuoneka chonchi. Moto wa mu Okutobala 1871 unapsereza pakati pa mzinda, unapha anthu pafupifupi 300 n'kusiya ena pafupifupi 100,000 opanda pogona. Pomanganso, malo anali odula, ndiye amisiri anayamba kuloza kumwamba. Home Insurance Building ya 1885, ya nsanjika 10, inaimikidwa pa mafupa achitsulo m'malo modalira makoma okhuthala, ndipo ambiri amaitcha kholo la nyumba zosanja zazitali. Inagwetsedwa mu 1931, koma zidzukulu zake zakuzungulirani mbali zonse.

Yang'ananinso madzi amene mukuyandamapo. Kale mtsinjewu unkathira mu nyanja, n'kumanyamula zonyansa za mzinda kukazitaya m'madzi omwewo amene anthu ankamwa. Mu 1900 anamaliza kukumba ngalande imene inautembenuza kuti uziyenda chobwerera, kuloza ku Mississippi. Anthu a ku St. Louis, amene zonyansazo zinayamba kulowera kwawo, anakasuma kukhoti koma sanapambane. Mtsinje ukuyendabe chobwerera mpaka lero.

Gulani tikiti mutaona kaye zanyengo, ndipo khalani pamwamba pa boti, osati m'kati. Juzi lija mulifuna apa. Mukakhala ndi mwayi, Lachitatu kapena Loweruka m'mawa muona milatho ikutseguka umodziumodzi kuti mabwato amatanga, amene anasungidwa kumtunda nyengo yonse yachisanu, adutse kupita kunyanja.

6. Zina zonse zigaweni molingana ndi thambo

Kukacha bwino, yendani pansi. Millennium Park ndi yaulere, ndipo m'menemo ndi mmene muli Cloud Gate, chosema chonyezimira cha Anish Kapoor chimene aliyense amangochitcha "The Bean" chifukwa chimaoneka ngati nyemba. Fikani m'mamawa anthu asanadzaze. Lincoln Park Zoo nayo salipiritsa. Njira ya m'mbali mwa nyanja, Lakefront Trail, ndi yotalika makilomita 29, ndipo njinga za Divvy zimabwerekedwa ndi foni. Kuli mvula, lowani mu Art Institute of Chicago, nyumba ya zojambulajambula imene pakhomo pake pali mikango iwiri yamkuwa. Ku Willis Tower, kumene mumaima m'kabokosi kagalasi pa nsanjika ya 103, musapiteko kuli nkhungu, mungalipire kukaona mtambo. Ndipo ngakhale simudziwa malamulo a baseball, masewero a masana pa Wrigley Field, bwalo la 1914, ndi chisangalalo chokwanira. Tsikirani pa Addison, sitima ya Red Line.

Mvula ya nyengo ino imabwera ndi mabingu ndi mphepo yamkuntho. Mukamva sayirini ikulira Lachiwiri loyamba la mwezi, 10 koloko m'mawa, musathawe, akungoiyesa. Ikalira nthawi ina iliyonse, lowani m'nyumba, tsikirani pansi, talikirani mawindo.

7. Pakudya, werengerani zoonjezera

Mtengo wolembedwa si umene mulipire. Msonkho wa pa malonda umapitirira 10 peresenti ndipo amauonjezera pa kauntala, kenako mu lesitilanti yokhala pansi mumasiyira wokutumikirani 18 mpaka 20 peresenti. Imeneyi si mphatso ya chifundo, ndi gawo la malipiro ake. Pizza yokhuthala ya deep dish imatenga mphindi 40 kapena kupitirira kuti ipse, ndiye itanitsani njala isanafike poipa, ndipo yaing'ono imakwanira anthu awiri. Nkhomaliro yotsika mtengo ndi buledi wa Italian beef woviikidwa mu msuzi, kapena hot dog ya ku Chicago. Pa hot dog imeneyo musapemphe tomato sosi. Ogulitsa ena amangokulozerani botolo lili pakona kuti mukathire nokha.