Khoma likamalowa madzi pakati pa dzinja

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale si nthawi yomanganso khoma. Dothi ndi lonyowa, ndalama nazo zinathera ku feteleza. Chofunika pano n'kuti khomalo lifike mu Meyi lili chilili.

Tulukani mvula ikugwa, muone kumene madzi akuchokera. Chinyezi chikakhala m'mwamba, vuto ndi denga: lata lobooka kapena udzu wofupika. Chikakhala m'munsi, ndi madzi a padenga amene akumenya pansi n'kumathira khoma, kapena odikha pamaziko. Ambiri amathamangira kumata mkati pomwe paoneka banga. Kumeneko n'kutaya simenti, madzi amangopeza njira ina.

Nyumba za zidina zambiri zimagwa chifukwa chodyeka m'munsi. Kumbani ngalande pafupifupi mita imodzi kuchoka pakhoma, yolunjika kumunsi. Dothi mwakumbalo liunjikeni m'tsinde mwa khoma, mulitsindire kuti litsetserekere kunja. Pomwe madzi a denga amagwera yalanipo miyala kapena zibenthu za njerwa.

Mbali imene mvula ya mphepo imawomba, pachikani pepala lakuda la pulasitiki. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri. Likhomereni ku mitengo ya denga, osati pakhoma, ndipo msomali uliwonse udutse pa chitsekerero cha botolo kuti mphepo isaling'ambe. Imikani nsungwi kuti pakati pa pepala ndi khoma pakhale mpata wolowa dzanja, m'munsimo musalikwirire. Khoma lokutidwa ponseponse limachita thukuta, zidina zimafewa, chiswe nacho chimapeza pobisala. Dzuwa likawala, pindirani pepalalo m'mwamba khoma liume. Ngati pepala palibe, mphasa yakale kapena udzu wolukidwa zimathandizanso.

Mng'alu musauderere. Lembani ndi khala m'malekezero mwake, muziuona m'mawa uliwonse. Ukapitirira khalalo, kapena khoma likayamba kutupa ndi kupendekeka, lichirikizeni ndi mitengo ndipo m'chipindamo musagone munthu, makamaka ana. Tinaona pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 kuti khoma lokhuta madzi masiku angapo silichedwa kugwa.

Kukonza kwenikweni kudikire Ogasiti kapena Sepitembala, khoma litaumiratu. Simenti sigwira bwino pa zidina, imasendeka n'kusunga madzi kumbuyo kwake. Ine ndimalangiza kumata ndi dothi losakaniza mchenga, ndalama ya simentiyo mutalikitsire denga kuti khonde litchinge khoma.