Ma docs a pulojekiti yanu asamatsalire m'mbuyo, yesani izi

Ma docs, zolemba zofotokoza momwe pulogalamu imagwirira ntchito, sawonongeka tsiku limodzi ayi, amatsalira pang'onopang'ono. Wina wasintha dzina la command, wina wachotsa option inayake, code yapita patsogolo koma README, fayilo yoyamba yofotokoza pulojekiti, ikunenabe za chaka chatha, ndiye munthu watsopano akabwera nkutsatira zomwe munalembazo mpaka kugunda error, amangoganiza kuti wolakwa ndi iyeyo nkuchoka mwakachetechete osakuuzani nkomwe. Zimandipweteka zimenezi chifukwa anthu oterewa ndi amene akanadzakhala othandiza athu.

Yambani ndi kuika ma docs mu repo momwe muli code momwemo, mu foda ya docs, kaya mu Markdown kaya reStructuredText. Wiki ya pa GitHub ndiyosavuta poyambira koma imakhala payokha, zosintha zake sizidutsa pa pull request (pempho loti ena aone zosintha zanu zisanalowe mu code), ndiye ikamatsalira palibe amaona. Zikakhala pamodzi lamulo ndi limodzi basi ndipo mulilembe mu CONTRIBUTING.md, fayilo ya malangizo kwa othandiza, kuti wasintha momwe chinthu chimagwirira ntchito asinthenso ma docs mu pull request yomweyo, zoti ndidzakonza mawa ayi, othandiza pa pulojekiti ndi ongodzipereka ndipo mawa adzakhala ali ndi zina. Ikani kabokosi kochonga mu template ya pull request, wopanga review asapange merge asanafunse za ma docs. Fayilo ya CODEOWNERS imathandizanso, imaitana yokha munthu woyang'anira foda ija wina akangokhudza mmenemo.

Zomwe makina angathe kuona asiyireni makina. Ku Python kuli doctest, imatenga zitsanzo zomwe munalemba nkuziyesa ngati zikutulutsadi zomwe munanena, ku Rust cargo test imayesanso zitsanzo za mu ma docs. Ngati mumagwiritsa Sphinx, pulogalamu yomangira ma docs, muli linkcheck yosaka malinki akufa. Zonsezi zilowe mu CI, makina oyesa okha code wina akangotumiza zosintha.

Koma makina sadziwa kuti chiganizo chasokoneza munthu, kapena kuti mwadumpha sitepe imene inu mumaichita osaganiza nkomwe chifukwa pa kompyuta yanu zonse munainstola kalekale. Apa ndi pamene watsopano uja ali wofunika kuposa tonse akalefe. Mupempheni atsatire tsamba la kuinstola pa kompyuta yopanda kanthu kapena mu container ya Docker, liwu ndi liwu, inu mukhale chete osamuthandiza, muzingolemba paliponse pamene wakakamira. Malo amenewo asandutseni ma issue (malipoti a mavuto ofunika kukonza), muike label ya good first issue, ndipo akatumiza pull request yokonza ngakhale chilembo chimodzi muyankheni msanga nkumuthokoza, akadikira miyezi iwiri sabweranso.

Ma version musaiwale. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020 koma pa intaneti mupezabe masamba ophunzitsa print yopanda mabulaketi ya Python 2 yomweyo. Read the Docs, webusaiti yosungira ma docs, imatha kumanga ma docs a version iliyonse payokha, gwiritsani zimenezo, ndipo musanatulutse release werengani changelog, mndandanda wa zomwe zasintha, mzere uliwonse nkudzifunsa kuti tsamba liti likunena za chimenechi. Tsamba la chinthu chomwe munachotsa lifuteni basi osadandaula, Git ikulisungabe, muike redirect yolozera ku tsamba latsopano kuti malinki a anthu asafe.