Musanapereke Nyumba Yanu Ngati Chikole

Banja likangoyamba, ngongole zimalowa pang'onopang'ono: ya mipando, ya kuchipatala mwana atabadwa, ina ya katapila yotsekera mwezi umene malipiro anachedwa. Zikaunjikana, pamabwera ganizo lakuti nyumba ilipo, bwanji osaipereka chikole ku banki, n'kutenga ngongole imodzi yaikulu yobwezera zonsezi? Bambo ndi mayi, mapepala a nyumbawo ayambe akhala m'chikwama, tikambirane kaye.

Ngongole zimene muli nazo panopa zikakukanikani, mafoni sakupatsani mpumulo, dzina lanu limaipa kwa obwereketsa, mwinanso amabwera kudzatenga katundu. N'zowawa ndithu, koma ana amagonabe pakhomo pawo. Ngongole ya chikole cha nyumba ikakanika, wobwereketsa ali ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo, ndipo m'mayiko ambiri ndalama zikapanda kukwana, zotsalazo mumalipirabe inu. Mu 2008 ku United States mitengo ya nyumba inali itagwa, ndipo m'zaka zimenezo mabanja mamiliyoni analandidwa nyumba. Ambiri anakongola poganiza kuti mtengo wa nyumba uzingokwerabe.

Chimene chimakopa anthu ndi chiwongoladzanja chotsika ndi ndalama yochepa yolipira pamwezi. Apa tengani cholembera. Mukakongola 100 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, n'kumabweza mwezi ndi mwezi kwa zaka 2, zonse pamodzi mubweza pafupifupi 134. Ndalama yomweyo pa 15 peresenti, koma kwa zaka 10, mubweza pafupifupi 194. Chiwongoladzanja chatsika ndi theka, koma mwalipira zochuluka, ndipo zaka 10 zonsezo nyumba ili m'manja mwa eni ake ndalama. Onjezanipo ndalama ya woyesa mtengo wa nyumba, ya loya ndi ya inshuwalansi, zimene kawirikawiri amaziphatikiza pa ngongole yomweyo. Ngati chiwongoladzanjacho n'chosinthasintha, zimene mwagwirizana lero zikhoza kukwera chaka chamawa malipiro anu asanakwere.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ngongole yatsopano siichotsa chimene chinabweretsa zakale. Ngati mwezi uliwonse zotuluka zimaposa zolowa, mukhala mukutunga madzi ndi dengu: pakatha chaka ngongole zing'onozing'ono zidzabweranso, yaikulu ija ikadalipo.

Choncho khalani pansi awirinu, mulembe ngongole iliyonse, mwini wake, chiwongoladzanja chake ndi tsiku lobweza. Ngakhale ija munabisirana pochita manyazi ituluke, chifukwa nyumbayo mumagonamo nonse. Kenako pitani kwa amene anakukongozani musanaphonye mwezi wina, muwapemphe akutalikitsireni nthawi kapena akuchotsereni zilango zochedwera. Ambiri amavomera kulandira pang'onopang'ono kusiyana n'kupita kukhoti. Ndalama iliyonse yotsala ipite ku ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri, zinazo muzilipira zochepa zimene munagwirizana. Ngati pali galimoto kapena katundu amene mungakhale popanda iye, agulitsidwe ameneyo nyumba isanakhudzidwe.

Sindikunena kuti chikole cha nyumba n'choipa nthawi zonse. Chingathandize ngati ndalama zolowa n'zodalirika, mwatha miyezi ingapo osakongolanso, ndipo mungathe kulipira ngakhale mmodzi wa inu ntchito itamuthera. Zikatero, kongolani zokhazo zobwezera ngongole zakale, osawonjezerapo za zinthu zina, ndipo sankhani zaka zochepa zimene mungakwanitse.

Musanasaine, pemphani kuti akulembereni ndalama yonse imene mudzakhale mutabweza pomaliza. Funsani ngati pali chilango mukafuna kubweza msanga, komanso kuti mukaphonya miyezi ingati m'pamene amayamba zogulitsa nyumba. Pepala la mgwirizanolo mupite nalo kunyumba, muliwerenge nonse awiri, ndipo loya kapena mlangizi wa zachuma amene sakugwira ntchito kwa wobwereketsayo alionenso.