Momwe mungawongolere ngodya za maziko ndi tepi, chingwe ndi zikhomo

Kuno ku Kasungu ndalama ya fodya ndi soya ikangolowa, ambiri timathamangira kumanga. Koma nyumba imapotoka tsiku lokhoma zikhomo, ndipo zimadzadziwika mochedwa, kalipentala ali kale padenga, malata akukana kugona. Kasikweya kachitsulo koyezera ngodya kaja nkakafupi: kakaphonya pang'ono pangodya, pofika kumapeto kwa khoma kaphonya kwambiri.

Masamu a Pythagoras amene ana athu amaphunzira kusekondale amathetsa vutoli. Pa thirayango yomwe ili ndi ngodya ya madigiri 90, mukachulukitsa mbali ziwiri zazifupi, iliyonse ndi iyo yomwe, nkuphatikiza, mumapeza mbali yayitali itachulukitsidwanso ndi iyo yomwe. Mwachitsanzo, 3×3 ndi 9, 4×4 ndi 16, pamodzi 25, yemwe ndi 5×5.

Yambani ndi khoma lakumaso. Khomani chikhomo pomwe padzakhale ngodya, nkukhomerapo msomali pamutu pake kuti miyeso yonse izichokera malo amodzi. Kokani chingwe motsata khomalo, yezani mamita 4, khomani chikhomo chachiwiri. Kuchoka pamsomali uja kokani chingwe china cholowera kumbuyo, muike chizindikiro pa mamita 3. Tsopano mnzanu agwire tepi pachikhomo chachiwiri, inu muzisuntha chingwe chakumbuyocho pang'onopang'ono mpaka chizindikiro chija chigwere ndendende pa mamita 5. Pamenepo khomani, ngodya yawongoka.

Apa musapupulume. Tepi ikhale yokungika, isagone m'maenje kapena kukwera pachulu, ndipo ngati malo ndi otsetsereka muigwire mopingasa bwino, osatsata nthaka. Muyeso muziwerenga patepi, chifukwa chingwe cha nayiloni chimatamuka. Nyumba ikakhala yayikulu ine ndimakonda 6, 8 ndi 10, poti muyeso ukatalika kuphonya kumachepa.

Ngodya zonse zinayi zikatha, yezani modutsa pakati pa nyumba, kuchoka ngodya ina kufika yoyang'anana nayo, kenako inzake. Ngati makoma oyang'anana ndi ofanana kutalika, miyeso iwiriyi iyenera kufanana. Nyumba ya mamita 7 ndi 5 ipereke 8.6, chifukwa 49 ndi 25 ndi 74, ndipo kachizindikiro ka √ pakakyuleta ya foni kakupatsani yankholo. Zikasiyana, zulani zikhomo khasu lisanagwe pansi. Pomanga chigafa njira ndi yomweyi.

Masamu omwewa akuuzaninso kutalika kwa malata musanapite ku hadiweya. Nyumba ikhale ya mamita 6 m'lifupi, msonga wa denga ukwere mamita 1.5 pamwamba pa khoma. Theka la 6 ndi 3, choncho 9 (3×3) kuphatikiza 2.25 (1.5×1.5) ndi 11.25, ndipo √ akupatsa mamita 3.35. Onjezerani masentimita 30 oti madzi amvula azigwera kutali ndi khoma, mwafika 3.65. Lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66, ndiye likwana. La mafiti 10 liperewera, musalole kukakamizidwa kugula limenelo poti ndi lotchipa.