Musathithike tizirombo ta ladybird poweta

Alimi ambiri a m'madimba tsopano akukadziwa kachikumbu kofiira kapena kachikasu ka madontho akuda, kotchedwa ladybird, kamene kamadya nsabwe za pa mpiru, nyemba ndi khobwe. Nsabwe zakuda za pa khobwe ndi zomwezo zimene zimafalitsa matenda a kadukutu mu mtedza, choncho magulu amene ayamba kuweta bwenzi la mlimi limeneli achita bwino. Chimene chikugwetsa ambiri mphwayi n'chakuti amaika mphutsi za kachikumbuka zochuluka m'ndowa imodzi, koma pakutha pa masabata awiri amapezamo zowerengeka. Kawirikawiri si matenda ayi. Mphutsizo zimadyana zokhazokha.

Kudyanako kumayambira pa mazira. Kachikumbu kakakazi kamaikira mazira achikasu mounjikana kunsi kwa tsamba, ndipo kukamatentha amaswa pakadutsa masiku 3 mpaka 5. Mphutsi zoyamba kutuluka zimadya mazira amene sanaswe, makolonso amadya mazira awo omwe nsabwe zikachepa. Tsono m'mawa uliwonse dulani tsamba lililonse limene lili ndi mazira, mukaliike m'chotengera china.

Mphutsi imafundula katatu isanagone kuti isanduke kachikumbu, ndipo apa ndi pamene pamafunika maso anu. Ikamafundula imangoti duu pamalo amodzi, thupi lili lofewa, sitha kuthawa. Mnzake wanjala akaipeza amaiboola n'kuyamwa. N'chimodzimodzinso ikamata pa tsamba kuti igone isanasanduke kachikumbu. Zili ngati nkhuku zothithikana m'khola, zimene zimayamba kujomphana. Ndiye malo amene mphutsi zimafuna si kukula kwa ndowa kokha, koma kuchuluka kwa pobisala. Ndowa yaikulu yopanda kanthu mkati imaposedwa ndi yaing'ono imene mwaikamo mapepala opindapinda, makoko ouma a chimanga ndi nthambi za khobwe, chifukwa mphutsi sizikumana pafupipafupi. Ine ndimalimbikira kwambiri zimenezi popeza sizilira ndalama.

Musasakanize misinkhu. Yaikulu imadya yaing'ono ngakhale nsabwe zilipo. Zoswa tsiku limodzi zikhale pazokha, ndipo zikamakula zigaweni m'zotengera ziwiri kapena zitatu, pozinyamula ndi nthenga ya nkhuku, osati zala. Mphutsi imodzi imadya nsabwe mazana angapo isanagone, zambiri mwa izo m'masiku omaliza, choncho onjezani chakudya nthawi imeneyo. Kukamada nsabwe zizikhala zitatsalako. Mukapeza zatheratu, dziwani kuti usiku umenewo mutaya mphutsi.

Zopulumuka m'chithithi zimatuluka zazing'ono ndipo zimaikira mazira ochepa. Zazikazi zimazengerezanso kuikira pamene padutsa mphutsi zambiri, chifukwa zimamva zimene mphutsizo zasiya poyenda. Muziwapatsa makolo masamba ndi mapepala atsopano.

Vundikirani ndi nsalu yopyapyala kuti mpweya uzilowa, apo ayi nkhungu imera pa ndowe ndi masamba owola. Ikani pamthunzi, miyendo ya tebulo ili m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere.

Potola mbewu yoyambira, tengani tizikumbu tosalala, tonyezimira, timene mwatipeza pakati pa nsabwe. Pali abale ake otuwa, aubweya wosaoneka bwino, amene amakukuta masamba a maungu n'kusiya mitsempha yokhayokha. Amenewo ndi owononga mbewu, musawaike m'ndowa.